NCHITO NDI BANJA: PHUNZIRO LA KU MANDEVU

Kale mnyamata wa ku Katete kapena ku Petauke akasowa ndalama ya msonkho, anamanga kamtolo kace napita ku Salisbury, ku Wankie, ku Joni kapena ku migodi ya mkuwa. Mkazi ndi ana anatsala kumudzi, nalima okha, nayembekeza kalata. Ena anabwera zitapita zaka ziwiri ali ndi njinga ndi nsaru. Ena sanabwerenso, ndipo anthu anawacha machona. Cimene cinalekanitsa mabanja masiku aja ndico mtunda wautali.

Masiku ano kwabuka kulekana kwa mtundu wina. Mwamuna kapena mkazi agona m'nyumba imodzi ndi a pa banja pace, koma nchito yamlanda usana ndi usiku womwe, kotero kuti ana ace amuona monga mlendo. Phunziro lino linena za anthu otere, makamaka iwo ogwira nchito ya makompyuta, mafoni ndi intaneti, amene ambiri a iwo ali ana a m'midzi ya kum'mawa okhala m'makomboni a Lusaka. Funso lace ndi ili: cifukwa ninji munthu amene anabvutikira sukulu zaka zambiri, napeza nchito yosiririka, ayamba kulingalira za kuileka?

1. MALO ACE

Mandevu ndi komboni ya kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, kufupi ndi mseu waukuru wopita ku Kabwe. Anansi ace ndiwo Marapodi, Chaisa, Chipata ndi Garden, ndipo tsidya lija la mseu kuli Matero. Akuru anena kuti dzinali linacokera ku ndebvu zazitali za amuna a mpingo wa Apostoli, ocokera ku dziko la Zimbabwe, amene anadzamanga kumeneko namadya za manja ao, kuluka madengu ndi kusula zitini.

Lusaka anakhala likuru la dziko m'caka ca 1935. Amene anaumanga mzindawo anayesa munthu wakuda mlendo wodzagwira nchito kanthawi, wosiya mkazi ndi ana kumudzi. Cifukwa cace nyumba za mabanja zinacepa kuyambira paciyambi, ndipo anthu anadzimangira okha m'makomboni. Pa kalembera wa 2022 anapeza kuti m'boma la Lusaka muli anthu oposa 2 miliyoni, ndipo oposa theka la iwo akhala m'makomboni monga Mandevu, Kanyama, Chawama, George, Mtendere ndi Kalingalinga.

Wanchito wa makompyuta wongoyamba kumene sakhoza kulipira nyumba ku Kabulonga kapena ku Roma. Acita lendi zipinda ziwiri m'komboni, kumene kuli abale ndi mtengo wocepa. M'mamawa adzuka kusanace, akwera minibasi kufikira m'tauni, natsika, nakweranso yina yomfikitsa ku ofesi. Madzulo abwereza ulendo womwewo pakati pa magalimoto othithikana. Maora amene athera pa mseu sawerengedwa pa malipiro ace, koma banja lace liwawerenga.

2. NCHITO YOSALOWA DZUWA

Intaneti inafika m'Zambia m'caka ca 1994, pamene akatswiri a pa University of Zambia anayambitsa ZAMNET. Kuyambira pamenepo nchito iyi yakula msanga. Makampani atatu akuru a mafoni, Zamtel, MTN ndi Airtel, aimika nsanja zao kufikira ku midzi ya kutali. M'caka ca 2009 boma linakhazika bungwe la ZICTA loyang'anira zonsezi. Mu 2011 anatsegula BongoHive ku Lusaka, malo osonkhanira acinyamata opanga maprogramu. Ndipo mu 2021 kunakhala unduna wace-wace wa luso la makina ndi sayansi.

M'nchito imeneyi muli magulu ambiri. Alipo okwera nsanja ndi oyala nthambo pansi. Alipo oyankha mafoni a anthu odandaula. Alipo olemba maprogramu. Aliponso olonda makompyuta a mabanki ndi a ndalama zotumiza pa foni. Onsewa cowafananitsa ndi cimodzi: makina amene awasunga sagona tulo.

Mlimi adziwa kuti dzuwa likalowa khasu lipumula. Ngakhale m'nyengo ya kupalira, mdima ukagwa abwera kumudzi, nadya nsima pamodzi ndi ana ace. Koma nkhalamba ya ku Lundazi ikafuna kulandira ndalama pa foni usiku, kuti ipite nazo ku cipatala m'mamawa, payenera kukhala wina ku Lusaka amene ali maso. Nsanja ikazima pakati pa usiku, aitana munthu wa pa ulonda sabata imeneyo, ndipo anyamuka angakhale ali pa mphasa ya maliro. Makampani ambiri akonza makina ao usiku kapena pa Sabata, pamene anthu owagwiritsa ali ocepa. Ndiponso foni ya m'thumba yacotsa mpanda umene unali pakati pa ofesi ndi nyumba, pakuti bwana akhoza kumpeza wanchito wace pa ora liri lonse.

Zaka zapitazi zaonjeza katundu. Nthenda ya Covid-19 itafika m'Zambia mu March 2020, ambiri anauzidwa kugwirira nchito kunyumba. Koma m'nyumba ya zipinda ziwiri tebulo la kompyuta ndilo lomwe la cakudya, ndipo mwana wakhanda sadziwa kuti atate ali pa msonkhano. M'caka ca 2024 kunagwa cilala coopsa, madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo panali miyezi imene magetsi anazima kufikira maora 21 pa tsiku. Pamenepo osunga nsanja anathamanga ndi mafuta a majenereta usana ndi usiku, ndipo olemba maprogramu anadzuka pa ora liri lonse limene magetsi anayaka.

3. NJIRA ZITATU ZA KULIMBANA

M'caka ca 1985 aphunzitsi awiri a ku America, Jeffrey Greenhaus ndi Nicholas Beutell, analongosola kuti nchito ndi banja zilimbana m'njira zitatu. Magawo aowa athandiza munthu kuzindikira pamene pali cironda cace.

Yoyamba ndiyo ya nthawi. Ora limene lapatsidwa ku nchito silikhoza kupatsidwanso ku banja. Mai woyankha mafoni a kampani usiku wonse afika ku Mandevu pamene ana ace alinkubvala za sukulu. Pobwera iwo masana, iye ali m'tulo. Podya iwo madzulo, iye ali pa siteshoni ya minibasi. Sabata itha osaona kope la mwana ndi limodzi lomwe.

Yaciwiri ndiyo ya kutopa kwa mtima. Munthu akhoza kufika kunyumba pa nthawi yabwino, koma mutu wace watsala ku ofesi. Mkazi amuuza za lendi ndi za mwana wodwala, iye angobvomera ndi mutu, maso ali pa foni. Mwana akagwetsa kapu, atate apsa mtima koposa muyeso, cifukwa tsiku lonse anameza mau a bwana ndi a anthu okwiya.

Yacitatu ndiyo ya makhalidwe. Nchito ya makina iphunzitsa munthu kufulumira, kudula nkhani, ndi kufuna yankho limodzi lolunjika. Pa banja pafunika kudekha. Apongozi akabwera kucokera kumudzi sayamba ndi cimene adzera. Ayamba ndi moni, ndi za mvula, ndi za odwala. Mkamwini amene ayang'ana pa wochi pakati pa malonje ayesedwa wamwano, cinkana mumtima mwace mulibe mwano.

Tsono kulimbanaku kuyenda mbali ziwiri. Nchito ilowerera banja, ndipo banja nalo lilowerera nchito. Kolera itabuka ku Lusaka kumapeto kwa 2023, bwalo la mpira la Heroes, limene liri pafupi ndi Mandevu, linasanduka cipatala, ndipo sukulu sizinatsegulidwe kufikira February 2024. Makolo ogwira nchito anasowa powasiya ana, ndipo ambiri anakhala pa kompyuta mtima uli kunyumba. Akuru anati, mapanga awiri abvumbwitsa. Munthu wothamanga pakati pa ofesi ndi nyumba aona kuti walakwira zonse ziwiri, ndipo mlandu umenewo umlemera koposa nchito yeni-yeniyo.

4. MOMWE GANIZO LA KULEKA LIMERA

Munthu saleka nchito tsiku limodzi. M'caka ca 1977 William Mobley anaonetsa makwerero amene wanchito atsika nao: poyamba akhumudwa, kenaka ayamba kuganiza za kucoka, ayesa phindu ndi mtengo wa kucokako, afunafuna malo ena, alinganiza malowo ndi amene ali nao, atsimikiza mtima, ndipo potsiriza pace alemba kalata. Bwana aona kalata yokhayo, nadabwa. Koma ulendo unayamba miyezi yambiri kumbuyo.

Ena anafufuza makamaka anchito a makompyuta. Mu 2000 Jo Ellen Moore anapeza kuti iwo amene atopa kotheratu ndiwo alingalira kwambiri za kucoka, ndi kuti cowatopetsa cacikuru ndico kuculuka kwa nchito. Mu 2007 Manju Ahuja ndi anzace anafunsa anchito 171 a makompyuta amene akhala masiku ambiri kutali ndi kwao, potumikira makampani ena. Anapeza kuti kulimbana kwa nchito ndi banja kubala kutopa, kutopa kucepetsa cikondi ca munthu pa kampani yace, ndipo cikondico cikacepa ganizo la kucoka likula. Anaonanso kuti wanchito wopatsidwa ufulu wa kukonza yekha kagwiridwe kace apirira koposa mnzace womangidwa pa ciri conse.

Kufufuzaku kunacitika ku maiko akutali, koma makwerero ace aoneka ndi ku Mandevu komwe. Mnyamata wosunga nsanja aitanidwa usiku umene mkazi wace ali pa cipatala ca amai. Apita, pakuti aopa kucotsedwa. Pobwera apeza mwana wabadwa kale, ndipo amene anaperekeza mkaziyo ndi mnansi. Palibe amdzudzula, koma kuyambira tsiku lomwelo ayamba kufunsa anzace ngati kwao kuli malo.

Thupi nalo licitira umboni. M'caka ca 2021 mabungwe a WHO ndi ILO analengeza kuti mu 2016 anthu 745,000 pa dziko lonse anafa ndi nthenda ya mtima ndi ya kufa ziwalo cifukwa ca kugwira nchito maora 55 kapena kuposa pa sabata.

Oyamba kucoka ndiwo aluso koposa, pakuti ndiwo afunidwa pena; ndipo masiku ano wina akhoza kukhala ku Lusaka nagwirira kampani ya ku Nairobi kapena ku London pa intaneti. Akazi ambiri acoka pa nthawi ya mwana woyamba kapena waciwiri, popeza nchito ya pakhomo iwagwera iwo koposa amuna. Wocokayo atenga m'mutu mwace nzeru za makina amene anawasunga zaka zambiri, ndipo katundu wace agwera otsala, amene nawonso ayamba kutopa. Koma alipo ena amene afuna kucoka nalephera, cifukwa ca lendi, ngongole ndi abale owadalira. Amenewa atsala pa mpando ndi thupi lokha, ndipo mkwiyo wao autula kunyumba.

5. LAMULO LINENA CIANI?

Anchito ambiri abvutika cifukwa ca kusadziwa zimene lamulo lawapatsa kale. Lamulo la nchito la Zambia la caka ca 2019, lochedwa Employment Code Act, liika zinthu izi:

Nchito ya pa sabata isapitirire maora 48; opitirirapo alipidwe mtengo umodzi ndi theka, ndipo a tsiku lopumula kapena la chuthi ca dziko alipidwe kawiri.

Wanchito alandira masiku awiri a chuthi pa mwezi uli wonse umene wagwira.

Mai woyembekezera apatsidwa masabata 14, ndi malipiro athunthu ngati wagwira zaka ziwiri pa malo amodzi. Ndipo atabwerera apatsidwa ora limodzi pa tsiku la kuyamwitsa, kufikira mwana akwanitse miyezi 6.

Atate wa mwana wobadwa kumene apatsidwa masiku 5, ngati wagwira caka cathunthu.

Wodwazika mkazi, mwamuna, mwana kapena wina womdalira apatsidwa masiku 7 pa caka, poonetsa kalata ya dotolo, ndi masiku 3 ena a zosowa za ana monga za sukulu.

Wofedwa mkazi, mwamuna, kholo, mwana kapena womdalira apatsidwa masiku 12 pa caka.

Mkazi ali yense ali nalo tsiku limodzi pa mwezi losapita ku nchito, losafunsidwa cifukwa.

Ena a maudindo akuru ali ndi mapangano ao-ao, cotero munthu awerenge bwino pepala limene anasaina. Ndipo pakakhala kusamvana, ofesi ya Labour iripo. Safunsa anadya phula. Maiko ena apita patsogolo: ku France, kuyambira 2017, lamulo lilamula makampani akuru kupangana ndi anchito ao za maora amene wanchito aloledwa kusayankha mauthenga a ku nchito.

6. GAWO LA ABALE A KUMUDZI

Pano ndipo phunziro lifika pa khomo la owerenga. Mwana wa ku Mandevu ali nao mabanja awiri, la m'komboni ndi la kumudzi, ndipo kawiri-kawiri la kumudzi silidziwa kulemera kwace. Anthu ayesa kuti wokhala pa mpando, wosagwira khasu, satopa. Ayesanso kuti wa makompyuta ali ndi ndalama zosatha.

Kale kupempha kunayenda pa kalata, ndipo kalata inatha masabata pa njira. Lero foni imene mwanayo anagulira amace ndiyo imuitana. Malume afuna feteleza, mlongo afuna za sukulu, msuweni afuna ya basi; ali yense aimba payekha, osadziwa kuti mnzace waimba kale dzulo. Mwana wa mlongo atumizidwa ku tauni kukafuna nchito, nagona m'cipinda ca ana miyezi isanu ndi umodzi. Maliro akagwa, ngakhale a mbale wa patali, akuru ati abwere ndithu. Koma kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi mtunda woposa makilomita 500, tsiku lathunthu pa basi kupita ndi lina kubwera, ndipo lamulo silimpatsa masiku a maliro a mbale ali yense.

Cibale ndi pfupa, siciola. Ndipo mwana amene anaphunzira ndi ndalama za fodya ndi thonje la makolo ayenera kuwakumbukira. Koma ng'ombe yokoka ngolo ikasenzetsedwa mopitirira igona pa njira, ndipo katundu yense safika. Mwanayo akaleka nchito wopanda pena popita, feteleza aima, sukulu ya adzukulu iima, ndi mankhwala a agogo omwe.

Abale anzeru acita motere. Asonkhana kamodzi pa caka, pokolola, nawerenga zosowa zazikuru, nasankha mmodzi wowalankhulira, kuti mwanayo adziwiretu ndi kukonzeka. Aimba foni pa nthawi imene anapangana, ndipo nthawi zina aimba kungopereka moni. Pa maliro a patali alandira cipepeso cace ndi mau ace, osamuyesa wonyada. Asanatumize mwana ku tauni ayamba afunsa mwini nyumba ndi mkazi wace. Ndipo agogo amene ali ndi mphamvu akapita kukakhala mwezi umodzi pa nthawi ya cikuta, apereka thandizo loposa thumba la ufa.

7. ASANALEMBE KALATA

Wanchito amene ganizo la kuleka lamfikira ayambe wazindikira cimene cimpweteka: kodi ndi maora, kapena ulendo wa pa mseu, kapena kuitanidwa usiku, kapena zopempha za abale? Pakuti zina mwa izi zidzamtsata ku nchito yatsopano. Akambe ndi mkazi kapena mwamuna wace poyera, naonetse malipiro monga ali, pakuti mutu umodzi susenza denga. Apite kwa bwana ndi pempho lomveka: kusinthana ulonda ndi anzace, tsiku lopumula atagwira usiku, kapena masiku ena a kugwirira kunyumba. Pakhomo aike ora limodzi, la cakudya ca madzulo, limene foni ikhala patali pa masiku amene sali pa ulonda. Ngati zonsezi zakanika ndipo thupi kapena ukwati ulinkuonongeka, kucoka sikuli kulakwa. Koma apeze pena poyamba, apereke cidziwitso ca masiku 30 monga mwa lamulo, nacoke mwaulemu, popeza anthu a nchito iyi m'Lusaka adziwana.

Olemba anchito nao aphunzirepo. Kuonjeza malipiro kokha sikumsunga munthu amene sanadye ndi ana ace mwezi wathunthu. Bwana amene alemba ndandanda ya ulonda mwezi usanayambe, naphunzitsa anthu awiri makina amodzi kuti mmodzi akadwazika mnzace agwire, naleka kutumiza mauthenga usiku pa zinthu zokhoza kudikira m'mawa, asunga anchito ace zaka zambiri.

A mu mpingo wa m'tauni, akaona mkristu wa nchito zotere asowa pa mapemphero masabata angapo, ayambe amcezera ndi kumva za maora ace asanamuweruze. Ndipo amai a cigwirizano akumbukire nyumba zimene ana agona okha pamene amao ali pa nchito ya usiku.

MAFUNSO A KUKAMBIRANA

1. Kodi kulekana kwa machona a kale kusiyana bwanji ndi kulekana kwa mabanja a m'makomboni lero?

2. Chulani njira zitatu zimene nchito ilimbana ndi banja, ndi kupereka citsanzo ca iri yonse kucokera m'mudzi mwanu.

3. Cifukwa ninji anchito aluso ndiwo ayamba kucoka, ndipo kucoka kwao kuwacita ciani otsala?

4. Ndi masiku angati amene lamulo la 2019 lipatsa wodwazika, wofedwa, ndi atate wa mwana wobadwa kumene?

5. Pa banja panu, ndani alankhula ndi mwana wa ku tauni za zosowa za kumudzi, ndipo anaimbiridwa liti foni ya moni wokha?